KODI MALIRE NDI MDANI WA MOYO?

Munthu ali yense amene anakulira m'cigwa ca Luangwa adziwa nkhope ziwiri za mtsinje umenewu. M'mwezi wa October, pamene dzuwa litentha kufikira mcenga ukana phazi la munthu, madzi amaphwa natsala m'maiwe apa ndi apo. Mvuu zimapanikizana m'dziwe limodzi zirikulumana, ndipo nsomba zotsekeredwa m'zithaphwi zazing'ono zimafa zisanaone mvula. Koma m'mwezi wa February mtsinje womwewo umadzala, nulumpha magombe ace, nulowa m'minda, nukokolola cimanga cimene anthu anapalira ndi thukuta. Pa nyengo yoyamba ija timadandaula kuti malo acepa. Pa nyengo yaciwiri timadandaula kuti madzi asowa cowaletsa. Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha caka cino ndi ili: kodi malire ndi mdani wa moyo, kapena ndi mlonda wace? Ndipo cinthu camoyo cikafota m'malo opanikiza, mlandu uli pa yani, pa cofotaco kapena pa iye amene analemba malirewo?

Funso ili ndi lakale, ndipo akulu akhala alikulikamba m'mabwalo a milandu ya minda ciyambire. Koma m'zaka zathu zino anthu ofufuza a m'maiko akutali alifunsa m'njira yacilendo, pa kagalasi kosaposa cikhadabo. Zimene anapeza ziyenera kumveka kuno kwathu, ngakhale tidzayamba tayenda pang'ono m'mau acilendo tisanafike pa mtima pa nkhani.

Thupi la munthu, la ng'ombe, ngakhale la cule, linamangidwa ndi tizigawo tamoyo tocuruka kosawerengeka, timene timachedwa maselo. Selo limodzi silioneka ndi maso. Lifuna galasi lokulitsa la m'cipatala, monga lija amayeza nalo mwazi wa munthu wodwala malungo. Selo liri lonse limadya, limapuma, limagwira nchito yace, ndipo ambiri a iwo amagawikana pakati kuti akhale awiri. Kale anthu anayesa kuti selo silingakhale ndi moyo kunja kwa thupi. Koma m'caka ca 1907 munthu wina wa ku America, dzina lace Ross Harrison, anadula kacidutswa ka mwana wa cule wosabadwa, nakaika m'dontho la madzi a m'thupi la cule pansi pa kagalasi, naona ndi maso ace mtsempha ulikumera monga mphukira ya dzungu. Patapita zaka zowerengeka anacitanso cinthu cina cimene ife a kumudzi tingacimve msanga. Anatenga ukonde wa kangaude, nauyala m'dontho muja. Ndipo maselo anagwira ulusi wa kangaudeyo nayenda motsata ulusiwo, pamene maselo ongoyandama m'madzi opanda pogwira anangodziunga ngati kampira, osapita kuli konse.

Apa panatuluka cidziwitso coyamba, cakuti maselo ambiri a m'thupi sakhutira ndi cakudya cokha, afunanso pogwira. M'thupi mwathu maselo amagona pa mphasa yace yolukidwa ndi zinthu zochedwa mapuloteni. Imodzi mwa mapuloteni amenewa ndi kolajeni, imene iri yambiri m'khungu ndi m'mitsempha. Mai ali yense amene anaphikapo ziboda za ng'ombe naona msuzi ukugwirana utazizira, anaiona kolajeni ngakhale sanaidziwe dzina. Ina imachedwa fibronectin, ndipo imeneyi iri ngati ulimbo umene selo limadziphatika nao. Cifukwa cace ofufuza akafuna kuweta maselo m'mbale, kawirikawiri amayamba apaka mbaleyo ndi mapuloteni otere, monga mai ayamba wazira pansi asanayale mphasa.

Kwa zaka zambiri anali kupaka mbale yonse, maselo nafalikira monga afunira. Koma m'caka ca 1993, pa sukulu yaikuru ya Harvard, Amit Kumar ndi George Whitesides anaonetsa njira yodinda tizithunzi tating'ono kwambiri ndi cidindo cofewa conga mphira. Nonse mudziwa cidindo ca ku boma: acinyika mu inki, nacikanikiza pa pepala, ndipo inki itsala pokhapokha pamene pali zilembo. Cidindo ca ofufuza cigwira nchito comweco, koma zilembo zace ndi zocepa koposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ndi cidindo cotere amalemba pa galasi tizisumbu tamphwamphwa kapena tozungulira, timene puloteni imakhalapo. Ndipo malo onse otsala amawapaka mankhwala oterera amene selo silingathe kugwirapo. Akathira maselo pamwamba, selo liri lonse limafunafuna pogwira, nilipeza kacisumbu kace, nilitenga maonekedwe a kacisumbuko. Pa kacisumbu ka ngondya zinai selo likhala la ngondya zinai. Pa kamzere likhala lalitali ngati nyongolotsi. Muyeso wace ndi maikulomita, ndiko kunena gawo limodzi la milimita itagawidwa 1,000.

Tsono tafika pa ciyeso cimene candicititsa kulemba mau awa. M'caka ca 1997, mu mzinda wa Boston, anthu asanu, ndiwo Christopher Chen, Milan Mrksich, Sui Huang, George Whitesides ndi Donald Ingber, anatenga maselo a m'timitsempha tating'ono ta mwazi, a munthu ndi a ng'ombe, nawakhazika pa tizisumbu ta fibronectin tosiyana ukuru wace. Cakudya cinali cimodzi kwa onse, pakuti onse anali kusamba m'madzi amodzimodzi. Kufunda kunali kumodzi. Mtundu wa maselo unali umodzi. Cosiyana cinali malo okha. Ndipo anaona kuti maselo a pa zisumbu zazikuru anatambasuka, nayamba kukonzekera kugawikana; koma pamene zisumbu zinali kucepa, maselo akufa anali kucuruka.

Ndipo imfa yace siinali ya njala kapena ya poizoni. M'selo liri lonse muli ciweruzo cobisika ca kudzicotsa lokha, cimene ofufuza anacicha apoptosis m'caka ca 1972. Ciweruzo cimeneci si coipa pa cokha: ndico cimacotsa mcira wa mbululu pamene asanduka cule, ndiconso cimalekanitsa zala za mwana m'mimba mwa amace. Koma pa kacisumbu kopanikiza kaja, selo labwinobwino, lokhala pakati pa cakudya cokwanira, linadziwerengera lokha ciweruzo cimeneci. Munthu wobwera mocedwa, woona mtembo wa selo wokha osaona cidindo, akadanena kuti selo limeneli linali lofooka cibadwire. Koma anthu asanu aja sakadatha kunena comweco, pakuti iwo eni ndiwo anasema cidindo.

Sanalekere pomwepo, ndipo cimene anacita pambuyo pace ndico cozama koposa. Anadzifunsa kuti, kodi selo lafa cifukwa lalandira puloteni yocepa, kapena cifukwa lalephera kutambasuka? Kuti alekanitse ziwirizi anaphwanya kacisumbu kamodzi kukhala timadontho tambiri tating'ono, ta maikulomita 5 kapena kucepera apo, natimwaza motalikirana pang'ono. Tsopano selo linatha kugwira dontho ili ndi dontho ilo, nilidzitambasula pamwamba pa malo oterera, monga munthu aoloka mtsinje podumpha pa miyala. Puloteni imene linakhudza inali yocepa monga kale, koma maselo otere anakhala ndi moyo nakula. Cotero cinadziwika kuti cimene cinapha oyamba aja sikucepa kwa cimene anapatsidwa, koma kuti cinaikidwa m'njira yosalola kutambasuka.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 2004, Rowena McBeath pamodzi ndi Chen yemwe uja, ali ku Johns Hopkins, anayesa maselo ena a m'kati mwa mafupa a munthu, amene sanasankhe nchito yao ndipo akhoza kusanduka mafuta kapena pfupa. Anawapatsa madzi osanganiza, okhala ndi zowaitanira ku njira zonse ziwiri. A pa tizisumbu tating'ono anasanduka maselo a mafuta. A pa zisumbu zokula pafupifupi kakhumi anasanduka maselo a pfupa. Malo sanangoweruza za moyo ndi imfa, anaweruzanso cimene camoyoco cidzakhala.

Wowerenga wofulumira anganene pano kuti, Basi, nkhani yatha. Malire ndi mdani, tiyeni tiwagwetse onse. Koma dikirani, pakuti m'mbale zomwezo muli umboni wina wotsutsa. M'zaka za 1953 ndi 1954, ku London, Michael Abercrombie ndi Joan Heaysman anapenyetsetsa maselo a mtima wa mwanapiye alikuyenda pa galasi, naona kuti selo likakhudza linzace limaima, nilitembenukira kwina, osakwera pamwamba pa mnzace. Ici ndico cimathandiza bala kupola: maselo a m'mphepete mwa bala amayenda kudzatseka mpata, ndipo akakomana pakati amaleka. Koma pali maselo a mtundu umodzi amene samvera lamulo ili. Amenewa amakwerana, naunjikana, ndipo ambiri a iwo akhoza kukula ngakhale alibe pogwira konse. Ndiwo maselo a nthenda ya khansa. Selo limene lamasuka ku malire onse, losafuna mphasa, losazindikira mnansi, ndilo limapha thupi lonse, ndipo potsiriza limafa nalo pamodzi. Ameneyu ndiye Luangwa wa mu February.

Palinso umboni wacitatu, ndipo uwu ukhudza nthenda imene palibe banja la ku Mambwe losaidziwa. Kacirombo ka malungo, udzudzu ukakalowetsa m'thupi, sikayamba ndi mwazi iai. Kamathamangira ku ciwindi, nikabisala m'maselo a ciwindi pafupifupi sabata imodzi, kalikucurukana mwakacetecete munthu asanamve mutu. Ofufuza analakalaka kuona nyengo yobisika imeneyi m'mbale, koma maselo a ciwindi ca munthu ndi obvuta kuweta: ukawamwaza pa mbale amaiwala nchito yao m'masiku owerengeka. M'caka ca 2008 Salman Khetani ndi Sangeeta Bhatia a ku MIT anaonetsa njira ina. Analemba pa mbale tizisumbu tozungulira ta kolajeni, ta theka la milimita, nakhazikapo maselo a ciwindi mothithikana monga nyumba za m'mudzi umodzi. Ndipo m'malo otsala pozungulira anaikamo maselo a mtundu wina, owacirikiza. Maselo a ciwindi okhala m'midzi yotere anasunga nchito yao masabata anai kufikira asanu ndi limodzi. Mu 2013 anthu a m'nyumba yofufuzira yomweyo analowetsa tizirombo ta malungo m'tizisumbu timeneti, ndipo tinakula m'menemo monga ticitira m'ciwindi ceniceni, kotero kuti mankhwala akhoza kuyesedwa pa tizirombo tisanafike m'mwazi. Taonani, pano malire ndiwo anapulumutsa. Selo lopatsidwa mbale yonse linatayika. Selo lopatsidwa malo a muyeso, pakati pa abale ace, ndi anansi kunja kwa mpanda, linakhala cimene liyenera kukhala. Akulu anati, kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Sanadziwe kuti mau ao afika ndi ku ciwindi komwe.

Cigwa cathu cinalowanso m'mbiri ya kuweta tamoyo m'mbale cifukwa ca nthenda ya kaodzera. Kacirombo ka kaodzera wa kuno kanalembedwa koyamba mu 1910 ndi Stephens ndi Fantham ku Liverpool, atakapeza m'mwazi wa Mngelezi wina amene anatenga nthendayo m'cigwa ca Luangwa. Ndipo mu 1912 Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, atagwira nchito ku Nawalia, kumtunda kwa cigwa cino, anatsimikiza kuti nchenche ya kashembe ya m'thengo lathu ndiyo imakanyamula. Kufupi ndi Mfuwe kunamangidwa malo ofufuzira za kashembe a Kakumbi. Koma kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, kacirombo aka, mu maonekedwe amene kamakhala nao m'mwazi, kanakana kuwetedwa nthawi yaitali m'mbale. Mu 1977, ku Nairobi, Hiroyuki Hirumi ndi anzace anapambana pamene anayamba ayala maselo a ng'ombe pansi pa mbale, kuti kacirombo kakhale pakati pao. Ngakhale mdani wathu anafuna anansi! Kuweta kumeneku kunatsegula njira yoyesera mankhwala ambiri mofulumira. Mankhwala akale a melarsoprol, amene anayamba mu 1949, anali kupha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 olandira. Koma mapiritsi a fexinidazole, amene anayamba ayesedwa pa tizirombo ta m'mbale, pambuyo pace nayesedwa pa odwala ku cipatala ca Rumphi m'Malawi ndi ku Lwala m'Uganda, anabvomerezedwa kumapeto kwa 2023 kuti acize kaodzera wa mtundu wa kuno.

Tsono tinene ciani pa funso lathu loyamba? Ine ndiona kuti funso lija tinalifunsa molakwa. Palibe camoyo cokhala popanda malire, ndipo cimene ciyesa kutero cisanduka nthenda. Cofunika kufunsa ndi ici: malire awa ali ndi muyeso wotani, alola kutambasuka kodi, ndipo m'kati mwace muli anansi kapena mulibe? Ndipo pamwamba pa zonsezi, analemba ndani, ndipo wolembayo abweranso kodi kudzaona cimene cacitika?

Pa mau otsirizawa ndifuna kukhalitsa, pakuti apa anthu a m'nyumba zofufuzira ali ndi mwambo umene uticititsa manyazi. Munthu woweta maselo akafika m'mamawa napeza maselo ace afa, sayamba ndi kutukwana maselo. Amadzifunsa yekha: kodi ndinapaka puloteni yocepa? kodi cidindo canga cinapendekeka? kodi ndinawaika motalikirana kwambiri? Amacita comweco si cifukwa ca cifundo, koma cifukwa adziwa kuti zonse za m'mbalemo anaziika ndi iye. Koma ife, amene timalembera anzathu malire tsiku ndi tsiku, kawirikawiri timaiwala cidindo cathu dzuwa lisanalowe. Mwana wamasiye atengedwa ndi amalume ace. Apatsidwa nsima yofanana ndi ya ana a m'nyumbamo, koma saloledwa kupita ku sukulu, kapena kuceza kwa abale a amace, kapena kulankhula pabwalo. Akafota, nayamba kukhala cete ngati cinthu codwala, amalume anena ndi mtima woona, Ine ndinamdyetsa monga ana anga, koma mwanayu ngwaulesi cibadwire. Ndipo sanama za nsima. Koma anthu a ku Boston aja anadyetsanso maselo onse mofanana. Mkazi wamasiye alandidwa dimba la kumtsinje, nasiyiridwa kamunda ka pa mtunda. Caka ca cilala apempha cimanga, ndipo omwe anamlanda aja ndiwo ayamba kunena kuti sadziwa kulima.

Nkhani yomweyi iri ndi mbali yace yaikuru, imene Akunda a kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Jumbe, kwa Msoro ndi kwa Malama aidziwa bwino kuposa ine. M'caka ca 1938 dera lalikuru la cigwa linapatulidwa kukhala malo osungira nyama, ndipo mu 1972 linakhala paki ya South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lace. Sindinena kuti malire amenewa ndi oipa. Popanda iwo njobvu zikadatha monga zinathera zipembere za m'cigwa cino, ndipo ana ambiri a ku Mfuwe aphunzira sukulu ndi ndalama zimene makolo ao alandira posamalira alendo odzaona nyama. Malire amenewa ndi gombe la mtsinje, ndipo gombe lifunika. Koma banja la m'cigwa ciyambire kale silinakhalire moyo pa malo amodzi. Linali ndi munda wa mapira pa mtunda, dimba m'mphepete mwa madzi, dziwe la nsomba, thengo la uci ndi nkhuni ndi udzu wofolera. Ali onse a malo awa anali aang'ono, koma pokhala omwazikana analola banja kutambasuka: munda ukakanika, dimba linapulumutsa, dimba likakokoloka, nsomba zinagula ufa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Cifukwa cace munthu wogawa malo, kaya ndi wa boma, kaya ndi mfumu, kaya ndi mkuru wa banja, angathe kunena zoona kuti, Ndawapatsa maekala omwewo amene anali nao kale, koma nakhala atawapha, ngati wasonkhanitsa timadontho tonse tija kukhala kacisumbu kamodzi. Ndipo njobvu nazonso ziri ndi mlandu womwewo pa ife, pakuti njira zao zakale zopita ku madzi tazitseka ndi minda ndi nyumba, ndipo zikathyola nkhokwe usiku timati ndi nyama zoipa mtima.

Koma pano ndiyenera kudziletsa ndekha, kuti fanizo lisandithawitse. Munthu si selo. Selo la pa kacisumbu silingadandaule, silingasamuke, silingapite kwa mfumu kukasuma, silingakhululukire amene analipanikiza. Munthu akhoza kucita zonsezi. Tonse tidziwa anthu amene anakulira m'malo opanikiza koposa, nakhala anthu olungama ndi a nzeru. Tidziwanso ena amene anapatsidwa dziko lonse nasanduka zitsiru. Munthu wakuba sangaime pabwalo ndi kunena kuti, Sindine, ndi kacisumbu kanga. Pakuti ponena mau amenewo wadzicepsa yekha kukhala cinthu ca m'mbale, ndipo bwalo likabvomera lamlanda umunthu wace. Cotero ciphunzitso ca m'mbale sicipita kwa wopanikizidwa kuti cikhale pothawira pace. Cipita kwa mwini cidindo. Wopanikizidwa adzayankha za zimene anacita m'malo ace ocepawo. Koma wolemba malire adzayankha za kucepa kwace, ndipo mlandu wa mmodzi sufafaniza mlandu wa mnzace. M'mabwalo athu timafulumira kuweruza mlandu woyamba, cifukwa wopalamula ali pamaso pathu; waciwiri timauleka, cifukwa mwini wace nthawi zambiri akhala pa mpando pakati pa oweruza.

Wina angafunse kuti, nanga ofufuza eni ace, amene amalembera moyo malire ndi kupha maselo mwadala, alibe cowatsutsa kodi? Kunena za maselo okha, ine sindipeza cifukwa, pakuti selo limodzi liribe mtima wakumva kuwawa, ndipo thupi lathu lomwe limataya maselo osawerengeka tsiku liri lonse popanda maliro. Ndiponso mbale imodzi yotere ikhoza kupulumutsa mbewa ndi anyani ambiri amene akadayesedwapo mankhwala. Koma maselo a munthu amacokera kwa munthu, ndipo apa ofufuza anapunthwapo. Mu 1951, ku cipatala ca Johns Hopkins, anadula kacidutswa ka cotupa ca mai wina wakuda, Henrietta Lacks, osampempha. Maiyo anamwalira caka comweco, koma maselo ace a khansa, osadziwa malire aja, anapitirira kugawikana, natumizidwa m'maiko onse, nathandiza ndi pa kuyesa katemera wa poliyo. Ndipo ana ace anakhala zaka zoposa makumi awiri osadziwa kanthu. Kunali mu 2013 pamene boma la America linapangana ndi banjalo kuti likhale ndi mau pa kagwiritsidwe ka zobisika za m'maselowo. Cifukwa ca zotere, lero munthu wofufuza akafika pamudzi kudzatenga mwazi ayenera kulongosola cimene adzacita nao, ndi kupempha cilolezo. Ndipo mwini mwazi ali ndi ufulu wa kufunsa mafunso kufikira atamvetsa, ndi wa kukana popanda kutaya cithandizo ca cipatala. Owerenga athu asacite manyazi kugwiritsa nchito ufulu umenewu, ngakhale wofunsayo abvale jekete loyera.

Pali ciyeso cinanso cimene cifuna maso. Mu 2014, ku Rockefeller University mu New York, Aryeh Warmflash ndi anzace anakhazika maselo oyambirira a munthu, aja amene angathe kusanduka ciwalo ciri conse, pa tizisumbu tozungulira ta milimita imodzi. Pa mbale yopanda malire maselo otere amasanduka mosokonezeka, apa ici, apo ico. Koma m'kati mwa kabwalo kaja anadziyala okha m'mizere yozungulira, mtundu uli wonse pa malo ace kuyambira m'mphepete kufikira pakati, mofanana ndi magawo oyamba amene mwana amayamba nao m'mimba. Kabwalo kameneka si mwana, ndipo sikangathe kukhala mwana. Koma kaonetsa kuti olemba malire afika pafupi ndi malo amene iwonso afunika kulemberedwa malire. Maiko angapo anaika lamulo lakuti mwana wongoyambika asawetedwe m'mbale kupitirira masiku 14, ndipo ku Britain lamulo limeneli linalowa m'buku la malamulo mu 1990. Ofufuza ena apempha kuti masikuwo aonjezedwe, ena akana, ndipo mkangano sunathe. Ndiyesa kuti pa mkangano wotere mau a agogo a ku Msoro ali ndi kulemera kofanana ndi mau a mphunzitsi wa ku New York, pakuti funso lakuti munthu ayamba liti silipezeka pansi pa galasi lokulitsa.

Kusiyana kumodzi kwatsala, ndipo ndiko kumandibvuta ndikaganiza za cigwa cathu. Wofufuza akaona kuti cidindo cace calakwa, amataya mbale, nasema cidindo cina, ndipo sabata yamawa ayambanso ndi maselo atsopano. Wogawa minda alibe mbale yaciwiri. Mwana amene anafota ali ndi zaka khumi sabweranso kudzayesedwa pa cisumbu cacikuru, ndipo mudzi umene unasamutsidwa usiya manda ace kutsidya. Ndiponso pansi pathu sipakhala cete monga galasi. M'malo ambiri malire a paki atsata mtsinje, koma Luangwa amasuntha: caka ndi caka amadya gombe la mbali ino naunjika mcenga mbali inayo, nadula mapindi ace, nasiya maiwe okhota kumene kale kunali mtsinje. Munthu amene atate ace anapatsidwa dimba la mizere makumi atatu angapeze kuti lero yatsala khumi, ina yonse iri pansi pa madzi kapena yaolokera kutsidya kwa nyama, pamene m'nyumba mwace muli ana asanu ndi awiri, ndipo amene anapima dimbalo anamwalira kale.